Mkamwini wanga Chimasula ndi kamera ya m'sutikesi

Dzina loti Chimasula mkamwini wanga sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anthu a mumsewu mwathu, ndipo ine sindinatsutse. Ntchito yake yeniyeni ndi yodula matikiti pa depoti ya basi, koma mumtima mwake amadziyesa injiniya. Akangoona chinthu chomangidwa ndi sikuluwu, manja amamuyabwa. Wailesi yanga anaimasula ati ikupuma movutikira, ndipo mpaka lero ili m'beseni pansi pa bedi, matumbo ali panja. Simbi anaikonza mpaka inayamba kuluma aliyense woigwira.

Chimene mwana wanga wamkazi, namwino wathunthu wa mapepala ake, anaona mwa munthu ameneyu sindichidziwa. Ndinamufunsa. Iye anati, "Amayi, amandiseketsa." Ine ndinati nyani nayenso amaseketsa, koma sitimupatsa makiyi a nyumba.

Mwana wangayo anatisiya khanda lake lisanayambe n'kukwawa komwe. Mdzukuluyo ndalera ndine, ndipo mukamuona akuwerenga mungadziwe kuti nzeru anatengera kuchikazi. Koma nkhope ya mayi ake sakuidziwa. Zithunzi zinalipo. Za mufoni zinapita tsiku limene bambo ake anaitsegula ndi mpeni kuti aipukute fumbi. Za mu alubamu zinamatana ngati phala atakonza mpope wa kubafa, madzi n'kudzaza nyumba yonse. Chinangotsala n'kachithunzi ka pachitupa cha ntchito, chidindo chitaponda pamphuno penipeni.

Koma ndinali ndi kamera ya malemu amuna anga, yachitsulo, yolemera ngati njerwa, ya filimu. Tsiku limene mwana wanga ankatuluka kuchipatala ndi khanda anajambulidwa nayo, kenako kachitsulo kopukusira filimu kanakakamira. Wa situdiyo anandichenjeza kuti ikatsegulidwa poyera, kuwala kudya zonse zili m'katimo. Anati ndimusiyire aitumize kwina, ine ndinakana. Ndinaikulunga m'juzi, n'kuitsekera m'sutikesi, kiyi m'khosi mwanga. Zaka zinadutsa, masitudiyo a filimu n'kumatsekedwa imodziimodzi.

Chaka chino mdzukulu wanga anabwera kuchokera kusukulu ndi funso. Anzake ankaonetsana zithunzi za amayi awo. "Agogo," anatero, "anga ankaoneka bwanji?" Ndinamuuza za kamera ija. Mwatsoka bambo ake anali pakhonde, makutu ali tcheru.

"Amayi, imeneyo ndi ntchito yaing'ono. Mwangoisunga nthawi yonseyi injiniya muli naye m'nyumba?"

"Injiniya wake uti, akamwini? Wa wailesi uja?"

"Wailesi ija ikungodikira kachipangizo kamodzi."

"Idikira mpaka ine ndiikidwe m'manda."

Ndinayenda nayo tauni yonse. Okonza mafoni ankaitembenuza n'kumaseka. Wokonza mawotchi anati maso ake anatha. Ndinangopeza nkhalamba ina kuseri kwa shopu ya fotokope, imene imatsukabe filimu, koma inati kamera yokakamira siigwira, ndibweretse filimu yokha. Mwana akundiyang'ana, ndikanatani? Ndinabwerera kwa Chimasula.

Ndinamuuza kuti akatsegula poyera, nyumba ino aione komaliza. Tinakhoma mabulangete pawindo la kuchipinda, masana dzuwa likuswa mtengo. Iye analowa mu wadiropu ndi kamera, kasikuludiraiva ndi botolo la mafuta a makina osokera. Ine ndinakoka mpando, n'kutsamira chitseko cha wadiropuyo, ndodo ili pamiyendo.

"Amayi, muno mukutentha."

"Ku gehena kumatentha kuposa pamenepo. Zolowerani."

"Kasikuluwu kagwa. Tatsegulani pang'ono chabe."

"Papasani. Mulungu anakupatsani zala khumi, ndipo zonse n'zosamva."

Ndinamva kukhotchola, kupuma, pena kutukwana kwapansipansi poganiza kuti sindikumva. Kenako kunamveka kuti khethe! Anatuluka thukuta lili kamukamu, malaya atamatirira pamsana, kamera ili yotseka bwinobwino. Kachitsulo kaja kankapukusa. Ndinene zoona, chifukwa ine sindinamizira munthu: pa zinthu zonse zimene munthu uyu wamasula chibadwire, ichi chokha ndicho anabwezera m'malo mwake.

Nayenso sanalole kuti tiiwale. Madzulo asanafike msewu wonse unali utamva. Anati filimu yatsalako, kutaya n'kulakwa, ndiye anavala jekete la ukwati, kamera pakhosi, n'kumaimitsa mwana apa ndi apo. "Weramira kuno! Seka! Usapume!" Ankagwada, ankadzuka, ankatsinzina diso ngati wolondera wogona pantchito. Chomaliza anapatsira mwanayo kuti amujambule iye atatsamira geti, dzanja m'thumba.

Kokatenga zithunzi tinapita tonse atatu. Mwana anavala diresi lake labwino ngati akukakumana ndi mlendo. Nkhalamba ija inatipatsa envelopu, osatiyang'ana m'maso. Inati mitundu yafuwirira chifukwa cha zaka, koma zatuluka.

Zinatulukadi. Choyamba chinali khomo la chipatala, khanda m'shawelo, mikono ya mwana wanga, diresi lake la madontho. Mutu panalibe. Chachiwiri, kuyambira pakhosi mpaka m'mawondo. Chachitatu, mapazi ndi chikwama. China chinafikako pachibwano, mlomo wam'munsi ukuoneka pang'ono, basi. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti tsiku lija ine ndinanyamula beseni ndi fulasiki, kamera inali m'manja mwa yani.

Za dzana nazonso chimodzimodzi: mdzukulu wanga wopanda mutu pakhonde, wopanda mutu pafupi ndi mpope. Pa filimu yonse munthu wathunthu anali mmodzi yekha, Chimasula mwini wake, atatsamira geti, chipumi chikunyezimira, ngakhale makutu onse awiri alipo. Chimenecho anajambula ndi mwana wa magazi anga, amene anali asanagwirepo kamera chibadwire.

"Makamera akalewa amaona pansi pang'ono," anayamba motero bambo ake. "Ndi kapangidwe kake. Koma mwaona kuti ikugwira, eti? Taonani kuwala kwake apa."

Mwana sanalire. Anazisanja pa kauntala chimodzichimodzi, n'kusankha cha chibwano chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chili m'mphepete mwa pepala pamene nkhope inayenera kupitirira. Kenako anatembenuka.

"Ababa, pojambulapo simunkawaona?"

Munthu amene ali ndi yankho pa wailesi, pa simbi ndi pa mpope anangoyang'ana nkhalamba ija, nkhalamba n'kuyang'ana makina ake a fotokope.

Ndinamuvula kamera pakhosi pomwepo, anthu akuona, n'kuveka mwana. Chithunzi chake cha pageti ndinamupatsa kuti akapachike ku depoti, okwera basi azidziwa kuti mutu ali nawo. Cha chibwano chija mwana anachiika m'thumba la diresi, dzanja n'kuphimbapo. Panjira yonse anayenda mbali yanga, ndipo bambo ake ankabwera m'mbuyo atanyamula envelopu.