Yotamu pa Sikelo

Adokotala ati ndili ndi shuga, ndiye mwana wanga wandigulila kasikelo kopimila chakudya. Lelo nditaikapo mbatata, ndakumbukila kwathu ku Ndake.

Kumeneko thonje la atate likapachikidwa pa sikelo, linali kukwezedwa pa lole osabwelanso. Tsiku lina ndili wamng'ono, amai ananditenga ku kiliniki pamodzi ndi khanda lathu Yotamu, amene anali ataonda ndi matenda. Anesi anamulowetsa m'kathumba n'kumupachika pa sikelo, timiyendo tili lendelende.

Ndinakoka dilesi ya anesi. "Musamugulitse! Ni wathu!"

Azimai onse amene anali pamenepo anafa nako kuseka. Amai anaseka misozi ikutsika.

"Mwana wakwela sikelo, amai," anatelo anesi.

Ndinadziwa nditakula kuti mwezi wonsewo amai anali kudzimana chakudya kuti phala lake lisasowe nsawa.