Bola yakuda ya ku Tsangano

Bilyari ndinaiphunzirira m'baraka ina, kanyumba kogulitsira zakumwa pamsika wa Furancungo, pamesa yopendekeka imene mwendo wake umodzi tinkauchirikiza ndi njerwa. Pofika chaka chimene ndinakwatira, m'boma lonse la Macanga munalibe wondigonjetsa. Choncho atalengeza mpikisano wa ku Tsangano, woti wopambana akaseweretu ku Tete, ndinakwera minibasi ya shapa, ndodo yanga ya taku ili m'manja, mtima uli m'malo.

Mu finali ndinakumana ndi mkulu wina wogulitsa mbatatesi ku Ntengo-Wambalame, wamtali, wokonda malaya a manja aatali. Woyimbira masewerowo anali mlamu wake, koma ine izi ndinazidziwa mochedwa. Titatsala ndi bola yakuda yokha, iye anawerama ngati akuyeza, n'kuikankha pang'ono ndi mkono wa malaya mpaka pakamwa pa dzenje. Aliyense anaona.

"Akulu, bola mwaisuntha," ndinatero.

"Achimwene, fumbi la m'shapa lakuwonongani maso," anayankha akumwetulira. Mlamu wakeyo n'kumayang'ana kudenga.

Bola ija anaigwetsa, ndipo ku Tete anapita iyeyo. Ine ndinabwerera kukasoka fodya ku Chidzolomondo kwa apongozi, ndipo tsamba lililonse limene ndinkaboola ndinkaona nkhope yake. Dzinja lonse ndinasiya kuphunzira kugwetsa mabola. Ndinkaphunzira chinthu chimodzi: kubisa bola yoyera kuseri kwa inzake, kuti mnzako asowe poyambira.

Chaka chotsatira mpikisano unabwera kwathu. Iye anafika atavala malaya olembedwa Tete kumsana, mkazi wake ndi anzake ali pambuyo, ndipo tinakumananso mu finali. Woyimbira anali namwino wa pachipatala, munthu wosadziwana ndi aliyense wa ife. Ndinapempha chimodzi chokha, kuti tonse tipinde malaya mpaka m'zigongono. Baraka yonse inaseka.

Ndikanatha kumumaliza msanga, koma sindinafune. Bola ikakhala poyera ndinkaisiya dala, n'kumutsekera yoyera pakona. Amazungulira mesa, kupaka jizi kunsonga kwa taku, kuwerama, kuphonya. Ndimutsekerenso. Thukuta linayamba kudontha pansalu yobiriwira, anzake n'kumatuluka mmodzimmodzi.

"Malizanitu, achimwene," ananong'ona.

"Musafulumire, akulu. Mwachokera kutali."

Ndinagwetsa mabola anga pamene mkazi wake ananyamuka kukakhala panja. Iye sanagwetseko ngakhale imodzi.

Ku Tete ndinapitadi, ndipo kumeneko anyamata a m'tauni anandichotsa tsiku loyamba. Sizinandipweteke n'komwe.

Mkulu uja bilyari anasiya, mbatatesinso zinamukanika. Masiku ano amanyamula anthu pamota, njinga yamoto, ku Ntengo-Wambalame. Ndikatsika shapa kumeneko oyendetsa mota amandithamangira ambiri, koma ine ndimadutsa onsewo n'kukakhala pa yake. Njira yonse ndimamufotokozera za mipikisano imene ndasewera chaka chimenecho, ndipo akathamangitsa mota ndimamugwira paphewa kuti ayende pang'onopang'ono.