Ana a nkhosa amene ndinakwirira kuseri kwa chigafa

Ndinapita kuchikamwini kufupi ndi Mitundu ndili ndi njinga komanso nkhosa zisanu zimene bambo anga anandipatsa kwathu ku Nathenje. M'mudzimo aliyense ankaweta mbuzi. Munda unali wa akazi anga, malo a nyumba anali a apongozi. Changa chenicheni chinali khola basi.

Chaka chachitatu mvula inachuluka, dambo linadzaza madzi. Nkhosa zinatenga bere, akazi anganso anali oyembekezera mwana wathu woyamba. Masiku atayandikira, anapita kuchidikiro kuchipatala ndi amayi awo, ine n'kutsala ndekha pakhomo.

Nkhosa yoyamba inaswa m'mawa. Kamwana kanatuluka kakufa, miyendo yopindika yosatheka kuwongola, khosi litakhotera kumsana. Ndinakakulunga m'thumba la feteleza n'kukakwirira kuseri kwa chigafa cha fodya. Patapita masiku awiri ina inaswa chimodzimodzi. Kachitatu kanabadwa kamoyo koma sikankatha kuima. Ndinkakama make n'kumakadonthezera mkaka m'kamwa. Kanafa mawa lake masana.

Sindinauze munthu. Anthu akanati ndi malodza, ndipo mawuwo akanafika kuchidikiro. Anzanga ankandipatsa moni panjira, ine n'kumati tadzuka bwino.

Ndinapalasa njinga kukaona mlangizi wa ziweto.

"Si matsenga, bambo," iye anatero. "Ndi timaudzudzu ting'onoting'ono ta m'dambo. Tikaluma nkhosa ya bere, timaipatsa matenda amene amakawononga mwana m'mimba. Mankhwala palibe. Musamutsire khola kumtunda."

"Nanga tikaluma munthu woyembekezera?"

"Matenda amenewa sagwira anthu."

Ndinamva, koma mtima sunakhazikike. Pobwerera ndinadzera kuchipatala. Akazi anga anatuluka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, tinakhala pansi pa mtengo.

"Nkhosa zija zaswa?" anandifunsa.

"Sizinayambe."

Anandisendera nthochi, ndinaidya ndikuyang'ana kumbali.

Mwana wathu wamkazi anabadwa bwinobwino. Mwa nkhosa zisanu zija, imodzi yokha ndi imene inalera mwana. Akazi anga ndinawauza patatha mwezi, akuyanika matewera. 

"Ndiye munkakwirira nokha?"

"Eya."

"Munalinso ndi mtima wondinamiza," anatero, koma osakwiya. Anamanga mwana kumsana, n'kupita kukandithandiza kunyamula mitengo ya khola latsopano.