Mawindo Khumi ndi Asanu ndi Atatu a Marta

Rozalia Dombek anabadwira mumsewu wa Kumunsi, kuseri kwa fakitale yoluka nsalu, m'tauni ya Alder Falls. Anthu ankangomutchula kuti Roza. Anali telala wa pakhomo, wa lilime lakuthwa kuposa sizasi yake. Pazenera la khitchini yake pankaoneka zinthu ziwiri: mtsinje umene fakitale inkatayiramo utoto, lero wofiira, mawa wobiriwira, ndi phiri la Kumtunda kumene kunkakhala eni chuma.

Mng'ono wake Marta ankagulitsa magolovesi m'sitolo ya m'tauni. Kumeneko ndi kumene Prescott Whitcomb, mwana wa mwini fakitale, anamuona n'kusokonezeka naye mutu. Anakwatirana mu 1926. Diresi la ukwati anasoka ndi Roza, milungu isanu ali chiweramire pamakina, koma patsiku la phwando anamukhazika pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, pamodzi ndi oimba. Marta anakwera phiri n'kukalowa m'nyumba yoyera ya mawindo khumi ndi asanu ndi atatu. Roza anawawerenga yekha, ndipo sanawerenge kamodzi.

Iye anakwatiwa ndi Stefan, wonyika nsalu mu utoto, munthu wofatsa wa manja obiriwira mpaka m'zigongono. Chifuwa chinamutenga Stefan patangopita zaka zinayi. Roza atatsala yekha analowetsa mlendo m'chipinda cham'mwamba, mtolankhani wowonda dzina lake Amos Pruett. Bamboyu ankakonda kukhala m'khitchini, akumwa supu ya kabichi, kabuku kali pambali pa mbale.

Tsiku lina Roza akuyanika zovala, mtsinje unali wapepo.

"Mwauona, a Pruett? Ife a Kumunsi timadziwiratu zimene azimayi a Kumtunda adzavale pa Isitala. Diresi lawo timaliona likuyandama m'madzi miyezi itatu iwo asanalivale."

Pruett anaseka mpaka kutsamwa, n'kulemba m'kabuku kake.

Anakhala zaka ziwiri, kenako anapita ku New York. Mu 1936 kunatuluka buku lake, nthano ya tauni ya fakitale. Mayi Kaszuba, oyandikana nawo nyumba, anabwera nalo akuthamanga.

"Mayi Dombek, tamverani izi! Si mawu anu awa?"

Analidi mawu ake, patsamba loyambirira penipeni. Koma m'bukumo ankawayankhula nkhalamba yoledzera itakhala pamlatho. Roza anawerenga buku lonse, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Sanapezemo dzina lake, ngakhale khitchini yake. Nyumba ya Marta ndiye inali paliponse, mawindo ake onse osasowapo ndi limodzi lomwe, chonsecho Pruett anali asanapondeko ngakhale pakhonde pake.

Bukulo linatchuka. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha linayamba kuphunzitsidwa m'masukulu, ndipo mabasi a ophunzira ankabwera kudzaona tauni ya m'nthano. Akafika Kumunsi ankangochepetsa liwiro, nkhope zili pagalasi, osatsika. Akafika Kumtunda ankaima, ana n'kukhamukira pakapinga kukajambulitsa. Chithunzi cha Marta chinatuluka m'nyuzipepala, atagwira kapu ya tiyi, kumbuyo kuli nyumba. Roza anachidula, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakulungiramo mamba a nsomba.

"Mlendo ndinadyetsa ine, masokosi ake ndinasoka ine," ankauza aliyense wobwera kudzayesa chovala. "Koma ulemu wakwera phiri. Kodi ena anabadwa ndi mankhwala anji?"

Mu 1951 kunabwera mphunzitsi wa kuyunivesite kudzakamba za bukulo ku laibulale. Roza anavala chikhoti chake cha kutchalitchi n'kukakhala kumbuyo. Kutsogolo kunali Marta, ubweya wa nkhandwe uli m'khosi.

Mphunzitsiyo anayankhula mokoma. Anati m'bukumo malo ndiwo amaulula anthu. Nyumba ya paphiri ikuimira chuma chosaona: mawindo ambirimbiri, koma palibe woyang'ana pansi. Mtsinje ukuimira malire amene munthu sawoloka popanda kudetsedwa. "Ndipo msewu wa Kumunsi," anatero, "ndi manda a anthu amoyo. Kumeneko kulibe amene amalota."

Roza anangozindikira ataimirira.

"Pepani bambo, manda amenewo ine ndimakhalamo. Nambala 14, khomo lobiriwira. Kwabwera imfa liti osandiuza?"

Anthu anaphulika kuseka. Mphunzitsi anakonza magalasi.

"Mayi, sindikunena za inu. Ndikunena za chizindikiro."

"Chizindikirocho chinkadya supu ya yani? Mawu a patsamba loyambawo ndi anga. Ndinawayankhula ndikuyanika malaya ake amkati a wolembayo, ong'ambika kumbuyo. Zimenezo munaphunzira kuyunivesiteko?"

Chiseko chinakula, koma Roza anaona kuti akuseka iye, osati mphunzitsi. Anatola chikwama n'kutuluka, makutu akutentha.

Marta anamupeza pamasitepe.

"Achemwali, dikirani."

"Bwerera, iwe, tiyi wako akuzizira. Akufuna akujambule."

"Mukuganiza kuti zimandikoma? Munawerenga zimene Pruett analemba za mkazi wa m'nyumba imeneyo? Chidole chogula m'sitolo, choiwala kwawo. Alamu anga amawerengerana tsamba limenelo pa Khirisimasi, ine ndili pomwepo. Zaka makumi awiri ndi zisanu, achemwali, ndipo amandifunsabe ngati kwathu tinkadya ndi foloko."

Roza anamuyang'ana. Anaona kuti pansi pa ufa wa kumaso Marta wakalamba. Chifundo chinabwera ndithu, koma sichinakhalitse.

"Bola iwe anakunyoza," anatero. "Ine sanandione n'komwe."

Anatsika phiri wapansi, osacheuka.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, fakitale itatsekedwa kale, akuluakulu a tauni anaganiza zodutsitsa msewu waukulu Kumunsi. Nyumba zonse zinalembedwa chizindikiro chofiira. Chaka chomwecho pageti la Marta anakhomapo chikwangwani chamkuwa, chonena kuti nyumbayo ndi yosungidwa chifukwa cha bukulo, wina asadzaigwetse. Roza anaima patsidya pa msewu akuonerera chigalimoto chikugumula khitchini yake. Sichinatenge ndi ola lomwe.

Marta anali atafedwa mwamuna, ndipo analibe ana. Anatumiza galimoto katatu kukatenga mchemwali wake, Roza n'kuibweza katatu. Roza anakhala miyezi iwiri kwa mwana wa Mayi Kaszuba, akugona pampando wa pabalaza, mpaka msana unamukana. Ulendo wachinayi anakwera, makina ake osokera ali pamiyendo.

Anakhala limodzi zaka khumi ndi chimodzi, akukangana pa chilichonse: mchere wa mu supu, wailesi, amene mayi awo ankamukonda kwambiri. Roza ankayenda m'zipinda akugwiragwira makatani, n'kumati, "Zonsezi wekha? Ine ndikugona ndi chikhoti nthawi ya chisanu?" Marta ankangoti, "Tsopano ndi zanunso, achemwali." Yankho limenelo ndi limene linkamupsetsa mtima kwambiri.

Mabasi akabwera, Roza ndiye ankayamba kufika pakhomo, Marta asanapeze n'komwe nsapato. Ankatenga ophunzira n'kupita nawo kumapeto kwa kapinga, n'kuloza pansi pomwe magalimoto ankathamanga.

"Mukuona pamene pakudutsa lole yofiirayo? Bukulo linalembedwera pamenepo. Kuno kulibe chimene chinachitika. Kuno ankangopukuta masipuni."

Ena ankalemba, ambiri ankangomwetulira mwaulemu n'kufunsa ngati angalowe kukaona masitepe a m'nyumbamo.

Marta anamwalira mu 1969, m'nyengo ya masika. Roza anasoka yekha diresi lomuikira, ngakhale maso anali atayamba kuchita khungu, ndipo sanalole munthu wina kugwira singano. Kumaliro kunadzaza anthu, nkhata za maluwa mpaka panja pa tchalitchi. Iye anakhala kutsogolo, akulira mosabisa. Pobwerera kumanda anagwira mkono wa mwana wa Mayi Kaszuba.

"Waona maluwa aja?" anatero, akupukuta mphuno. "Anga sadzafika ndi theka lomwe."

Anakhala zaka zina zitatu m'nyumbamo yekha, akugwiritsa ntchito zipinda ziwiri zokha, khitchini ndi kachipinda ka pafupi nayo.