Njinga Yodontha ndi Pawudala wa Mwana

"Bambo a mwana, njingayi ikudontha."

Mkazi wawo anawauza m'mawa, nawauzanso madzulo. Bambowo anawerama pang'ono, nayang'ana kadontho kobiriwira kamene kanali pa simenti ya pakhonde, n'kukafufuta ndi nsapato.

"Kadontho kamodzi komweka? Inu mayi, mphuno yanga ikagwidwa chimfine imadontha kuposa apa."

Anzawo a pa lendi anaseka. Mayiyu anali atazolowera kusekedwa. Pa mpanda wonsewo ankamutchula kuti Nankhawa, chifukwa akakhoma chitseko ankabwereranso kukagwedeza loko, mkaka ankaununkhiza kawiri asanamwetse mwana, ndipo mwana akagona tulo tabwino iye ankaika chala pamphuno pake kuti amve ngati akupuma.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi khalidwe limene anthu analisandutsa dzina lokusekerani. Khalani pansi, nkhaniyi ndi yanu.

Nankhawa mayeso omaliza a ku sekondale analephera. Sikuti mutu unali wouma ayi. Ankayankha funso loyamba, n'kuliwerenganso, n'kuliwerenganso, mpaka belu kulira mafunso ena asanawakhudze. Kuchokera pamenepo anadziika yekha m'gulu la anthu osatha kanthu. Anakwatiwa ndi mwamuna wansangala amene ankanyamula buledi pa njinga yamoto, kuchokera ku bekale kupita ku timagolosale ta kumtunda kumene galimoto sizifika. Njingayo inali yaikulu, ya injini yoziziritsidwa ndi madzi, ndipo ndi imene inkanyamula banja lonse: nyumba, sopo, ndi mkaka wa mwana wawo wonenepa uja amene ankamutcha Abwana, poti akalira aliyense ankasiya zimene akuchita.

Tsiku lililonse bambowo akabwera, Nankhawa ankamva kafungo kotsekemera, ngati ka switi yopserera, kuchokera ku injini. Ndipo m'mawa uliwonse ankawaona akuthira madzi a pampopi mu radiyeta, kathanki koziziritsira injini.

"Madzi mukuthirawa akupita kuti?"

"Ikumwa. Nayonso imamva ludzu."

Tsiku lina masana, ali pakati pa chitunda ndi mabokosi a buledi kumbuyo, kagetsi kofiira kanayaka. Bambowo anaima, ndipo chifukwa cha changu anatsegula chitsekero cha radiyeta injini ili moto. Madzi owira pamodzi ndi nthunzi zinawapsereza dzanja lamanja, dzanja lomwe lija lokokera moto. Anabwera kunyumba ali ndi bandeji mpaka pamkono, njinga ikukankhidwa ndi anthu achifundo.

Mawa lake kunabwera mayi mwini bekale. Anali munthu wabwino, koma wosazungulira polankhula.

"Pepani ndi ngoziyi. Ndikudikirani mpaka Lolemba. Lolemba kusanache njinga ikapanda kuima pakhomo pa bekale, njira yanu ndipatsa wina. Musandione nkhanza, buledi sadikira munthu."

Mayiwo anachoka. Ngakhale Abwana anasiya kulamula. Bambowo anakhala pa mpando atanyamula dzanja lawo ngati khanda, maso ali pansi.

"Munanena, mayi a mwana. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinakusekani."

Nankhawa anatuluka panja. Anapita kuseri kwa chingwe choyanikapo matewera, nalira pang'ono pamene panalibe womuona. Atatha anapukuta m'maso, nabereka mwana, n'kuyamba kukankha njinga kupita ku galaji ya kumapeto kwa msewu.

Amakaniko a pa galajiyo anali bambo achikulire, a magalasi omangidwa ndi waya. Anatulutsa kachitsulo koyezera oyilo, nakayang'anitsitsa padzuwa.

"Oyilo ndi wabwino, sanasakanikirane ndi madzi. Injini siinafe, mwana wanga."

Anadzaza radiyeta ndi madzi ake enieni obiriwira aja, amene amati kulanti, naliza injini. Anasuzumira uku ndi uku. Paliponse panali fumbi losakanikirana ndi girisi, ndipo palibe chinaoneka.

"Kudontha kwa mtundu uwu n'kwaumbava," anatero. "Madzi amatuluka injini ikatentha, n'kuuma asanafike pansi. Ngati akuthawira m'kati, ndiye kuphwasula injini yonse, zipangizo zake zoitanitsa kutali, Lolemba lanulo muliiwale. Ngati akuthawira kunja, ndi ntchito yaing'ono. Koma maso angawa anatha, ndipo eni magalimoto mukuwaonawa sakundipatsa mpata. Kandipezereni pamene pakudontha."

"Ine, bambo? Ine ndinalephera ndi mayeso omwe."

"Kadontho koyamba anakaona ndani?"

"Ndine."

"Ndiye mukufuna nditume ndani?"

Anamupatsa botolo la kulanti wotsala ndi sikuludalaivala, namuchenjeza zinthu ziwiri: chitsekero asachikhudze injini isanazizire, ndipo madziwo awabise kutali ndi mwana, chifukwa ndi otsekemera koma ndi poizoni. Chenjezo lachiwirili Nankhawa analimva mpaka m'mafupa. Atafika kunyumba botololo analikulunga m'pepala la pulasitiki, naliika pamwamba pa kabati, n'kubwereranso kukaona ngati lilidi pamwamba.

Anayamba ndi chimene ankachidziwa bwino: kusambitsa. Anatenga beseni, sopo ndi mswachi wakale, natsuka injini yonse monga amasambitsira Abwana, m'makwinya monse, kuseri kwa paipi iliyonse. Anaipukuta, nayala katoni woyera pansi pake.

Mnzake wa khomo loyandikana anatulutsa mutu pawindo.

"Anthuni, bwerani mudzaone, Nankhawa watsegula galaji. Mukamaliza muidzoze mafuta, muibereke."

"Ndiibereka, asisi, ikangosiya kukodza pogona."

Usiku wonse katoni anakhala wouma. M'mawa analiza injini mpaka inatentha, nazimitsa. Kafungo kaja kanabwera, ndipo patapita kanthawi kadontho kamodzi kanagwa pa katoni. Anayang'ana pamwamba pa kadonthoko, naona kalamba kachitsulo komanga paipi ya kumtunda. Anakamanga mwamphamvu ndi sikuludalaivala, mtima uli phaphapha ndi chimwemwe, mpaka anavina pang'ono ndi mwana. Koma injini itazizira, anatsegula n'kupeza madzi atsikanso. Kadontho kaja kanali katayenda ulendo pa zitsulo kasanagwe. Pamene kanagwera si pamene kanachokera.

Anayesanso tsiku lotsatira. Anagona chagada pa simenti, anagwada, anasuzumira mpaka khosi linauma. Paipi zakuda, injini yakuda, madzi ouma msanga. Kanthu kena m'mutu mwake kanayamba kumunong'oneza mawu akale aja: waona, belu lilira iwe uli pa funso loyamba.

Loweruka m'mawa anasiya njinga kuti asambitse Abwana. Anawapukuta, nawathira pawudala m'khosi ndi pachifuwa mpaka anayera ngati buledi wosaphika. Abwana, amene mano anali kumera, anaseka, dovu n'kutsika. Linachoka pakamwa, linadutsa pachibwano, n'kulemba kamzere konyowa pakati pa pawudala woyera uja mpaka pamchombo.

Nankhawa anaima chilili, thewera lili m'manja. Kamzereko kankaonetsa poyera pamene dovu lathera, ndi pamene layambira.

"Bambo a mwana, tagwirani mwanayu ndi dzanja lanu labwinolo."

Anatenga botolo la pawudala, nathira paipi zonse, pa mfundo zonse, pansi pa radiyeta, kuseri kumene dzanja linkalowa movutikira. Njinga inayera mbuu. Analiza injini, nadikira mpaka fani yoziziritsira radiyeta inayamba kuzungulira, kenako anazimitsa. Anatenga kagalasi kake kodziyang'anira podzola, nakalowetsa kuseri kwa paipi, mosamala kuti asapse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu a pa mpanda anayamba kusonkhana, wina atanyamula mswachi, wina ndowa.

Paipi ya kumtunda inali yoyera. Radiyeta yoyera. Anasuntha kagalasi kupita pa paipi ya kumunsi, mbali yoyang'ana ku injini. Ndipo apo, pakati pa pawudala, panali kamzere kobiriwira kopyapyala ngati ulusi. Anakatsata ndi maso chokwera mpaka pamene kanayambira: m'mphepete mwenimweni mwa kalamba kachitsulo, pamene chitsulo chinadya rabala n'kusiya kamng'alu kochepa ngati kodula ndi chikhadabo. Akuyang'ana choncho, kamkanda ka madzi kanatuluka, kananyezimira, n'kutsetsereka.

"Ndakupeza," ananong'ona. Kenako mokweza, "Bambo a mwana, ndi kunja. Si m'kati, ndi kunja!"

Bambowo anaiwala dzanja, nafuna kuomba m'manja, n'kubuula. Mpanda wonse unafa ndi phwete.

Atawatumizira uthenga, amakaniko anadzera pomwepo madzulo akuweruka, paipi yatsopano ili m'thumba la ovolosi. Atafika pafupi ndi njinga anaima, nanunkhiza.

"Ntchito iyi ndakalamba nayo, koma njinga yonunkhira khanda ndayiona lero." Anatenga kagalasi kaja, nayang'ana, nagwedeza mutu akumwetulira. "Pawudala. Mawa ndikagula wanga." Kenako anapereka sikuludalaivala kwa Nankhawa. "Amene wapeza ndiye amange. Ine ndingokhala apa ndizilankhula."

Injini inali itazizira. Nankhawa anauza mnzake uja kuti atenge Abwana apite nawo kutali, natchera beseni lakale, namasula timalamba tiwiri. Paipi inakakamira, anaipotoza uku ndi uku mpaka inatuluka, madzi obiriwira n'kukhuthukira m'beseni. Anapukuta pakamwa pa chitsulo, nalowetsa yatsopano mpaka inafika pamapeto.

"Mangani bwino, koma osachita kulusa," anatero amakaniko. "Amene anamanga kale uja anamanga ngati akulanga wakuba, n'chifukwa chake rabala anang'ambika."

Nankhawa anathira kulanti pang'onopang'ono, akufinya paipi ndi zala kuti mpweya wobisala utuluke, ndipo thovu linkatuluka pamwamba ngati mwana akugeya. Anatseka, nathiranso pawudala, naliza injini mpaka fani inazungulira. Anazimitsa. Analowetsa kagalasi. Anadikira. Anayang'ananso. Anayang'ananso kachitatu, ndipo tsiku limenelo palibe anamuseka chifukwa chobwereza.

Pawudala anakhala woyera.

Madzi akale aja anawathira m'botolo, nalitseka, nawapatsa amakaniko kuti akataye koyenera. Simenti anaitsuka mpaka inawala, poti Abwana anali atayamba kukwawa ndipo chilichonse chinkathera m'kamwa.

Lero mukapita pa galaji ija mupeza mayi wa ovolosi, kagalasi m'thumba limodzi, pawudala m'thumba lina. Galimoto ikamataya madzi mosadziwika, amakaniko amangoti, "Dikirani Nankhawa." Dzina ndi lomwe lija, koma tsopano amalitchula ndi ulemu. Komatu zimenezo zinabwera pambuyo. Ine ndikufuna ndikusiyeni pa madzulo a Lamulungu, Lolemba lija lisanafike.

Njinga inali itachira, koma dzanja linali lisanachire. Bambowo anayesa kugwira chokokera moto, nkhope n'kukwinyika, thukuta n'kutuluka. Anakhala pansi pakhonde.

"Njinga ilipo, woyendetsa palibe. Tavutika chabe."

Nankhawa anali kupinda matewera. Kuyendetsa ankadziwa. Bambo omwewo ndiwo anamuphunzitsa ali pa chibwenzi, ndipo laisensi anatenga, koma inkangogona m'chikwama chifukwa msewu ankauopa: agalu, maenje, malole, mvula. Anayang'ana njinga. Paipi ija anaimanga ndi manja ake. Ankadziwa fungo lake ikadwala, ndi kamvekedwe kake ikakhala bwino.

"Mundiuze magolosale onse, kuyambira loyamba," anatero.

Bambowo anamuyang'ana modabwa.

"Mayi a mwana, kumtunda kuja kuli chitunda. Simuopa?"

"Ndikuopa kwambiri. N'chifukwa chake ndiona dzenje lililonse lisanandione." Anawaika Abwana pamiyendo pawo. "Mkaka uli m'kabati, muununkhize musanamwetse. Thewera mumanga ndi dzanja limodzi, mukalephera muitane asisi. Ndipo pawudala musathire wambiri, ndi chipangizo cha ku galaji tsopano."

Bambowo anaseka mpaka misozi, Abwana nawonso n'kuseka osadziwa chifukwa. Nankhawa anatsitsa chipewa cha njinga pa msomali, nachipukuta, nachiika pafupi ndi chitseko pamodzi ndi jekete ndi makiyi.

"Ndinyamuka tambala asanalire. Mayi a ku bekale akamatsegula, andipeze ndaima kale pakhomo."

Anayang'ana madzi mu radiyeta. Anali pomwe anawasiya. Analowa m'nyumba, kenako anatulukanso kukawayang'ana kachiwiri.

Inu mnzanga amene anakuuzani kuti mumaganiza kwambiri, mumaopa kwambiri, mumachedwa pa funso loyamba: maso amene akukusekerani lerowo ndi omwe adzaone kamng'alu kamene ena onse akudutsa. Chimene muli nacho m'manja, ngakhale ndi pawudala wa mwana, chigwiritseni ntchito. Mantha abwere, akwere kumbuyo, koma chiwongolero mugwire ndinu. Mtima wanuwo musautaye, kudakali ulendo kutsogoloku.