Mkazi Salowa Mumphanga

Ran Suqin ndinkaphika naye m'khitchini ya anthu okumba njanji yapansi panthaka kuno ku Chengdu. Iye ankadula tsabola ndi nyama ya nkhumba, ine ndili pa mpunga. Anachoka kumudzi kwawo kumapiri potsatira mwamuna wake, Pu Dehou, mwana wawo Xiaoman n'kumusiya kwa achibale. Pu ankaika makoma a simenti kumbuyo kwa chimakina choboola nthaka, ndipo ankatuluka kudzenjeko ali mbuu, koma pakamwa posatopa. Ankachita kusimba momwerera mawu: chimakina choposa nyumba, magetsi ali ngwee, makoma osalala moti n'kudziyang'anirapo.

Suqin anali ndi matenda a shuga, ndipo maso anali atayamba kuchita chifunga. Dokotala sanamubisire kuti khungu likubwera. Suqin ankafuna chinthu chimodzi basi, kuona mphanga ya njanji imene mwamuna wake ankagwiramo ntchitoyo maso asanatheretu.

"Bambo a Xiaoman, munditengeko kamodzi kokha. Ndivala chipewa chanu, andizindikira ndani?"

"Iwe, ukufuna denga litigwere? Mkazi salowa mumphanga isanathe. Ukudziwa bwino."

"Nanga mpunga umene mumadyera kumeneko amaphika ndani, si mkazi?"

"Mpunga ndi mpunga. Dikira atsegulire, ndidzakukweza sitima yoyamba ngati bwana."

Lamulo lolembedwa kunalibe, unali mwambo chabe wa madala amene anakulira m'migodi. Ndipotu kapitawo anali atavomera, ine ndemwe ndinakamupempha. Amene anakaniza ndi Pu yemweyo, poopa kuti kamwala kakadzagwera munthu, anzake adzaloza chala mkazi wake. Sanali munthu woipa, ndisaname. M'mawa uliwonse ankamudonthezera mankhwala m'maso ndi zimanja zake zokhakhalazo. Koma mantha a amuna akavala dzina la mwambo, ngakhale ulire magazi sasuntha, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Ntchito inachedwa monga imachedwera ntchito, koma maso sanadikire. Suqin anayamba kudzicheka zala podula tsabola, mpaka anausiya mpeni n'kukhala pakhomo.

Tsiku lotsegulira tinapita atatu. Pu anavala jekete yatsopano, akumugwira mkazi wake mkono pa masitepe oyenda okha. Siteshoni inali phuliphuli, ikununkha penti. Sitima ikulowa, ndinaona woyendetsa wake: mtsikana, tsitsi atalimanga kumbuyo. Ndinamugunda Pu ndi chigongono. Iye anangoyang'ana nsapato zake.

Anthu anamupatsa Suqin mpando. Titadutsa masiteshoni angapo, anakoka jekete ya mwamuna wake.

"Kodi tafika pakhoma lanu?"

"Ndi pompano. Kuyambira apa mpaka siteshoni ikubwerayo, ndi manja angawa."

"Tandiuzani ndiye, likuoneka bwanji?"

Pu anagunditsa chipumi pagalasi, n'kutchinga ndi manja uku ndi uku. Magetsi ankasimba aja anali atawachotsa kalekale, ndipo sitima inali pa liwiro. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba kuti mwina angonama. Sananame.

"Silikuoneka, mayi a Xiaoman. Ndi mdima wokhawokha."

Suqin anafufuza dzanja la mwamuna wake n'kulisisita.

"Mukanangondisiya kunyumba, mdala. Umenewo ndili nawo kale."