Tabuleti ya Diso la Phula

Ndikukumbukira chaka chimene tabuleti inafika pasukulu yathu, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Inali imodzi yokha, ndipo ankaitchaja ndi sola imene ankaiyanika padenga ngati chinangwa. Aphunzitsi athu, a Madamu Mwila ochokera ku Kasama, anali m'gulu la aphunzitsi otumizirana maphunziro pa intaneti. Tsiku loyamba tinaona mtima wa munthu ukupopa magazi, ndipo ndinagwira pachifuwa panga ndi mantha, pozindikira mmene Mulungu anandiumbira modabwitsa.

Koma mudzi wathu uli m'chigwa, kuseri kwa mapiri a Katete, ndipo netiweki sinkatsikako. Malo okhawo amene inkagwira anali pachulu chachikulu m'mphepete mwa nkhalango ya kumanda, kumene kuli dambwe la gule. Mkazi safika kumeneko, ngakhalenso mwamuna amene sanagule njira. Maphunziro amene anabwera m'tabuletimo atatha, a Madamu anasowa chochita.

Apo ndi pamene Ganizani anakweza dzanja.

Ganizani anali msuweni wanga, mwana wa azakhali, mlongo wawo wa atate. Anayamba sukulu mochedwa chifukwa anatha zaka akuweta ng'ombe za eni. M'giredi sikisi anali kale ndi tindevu, ndipo mawondo ake sankalowa pansi pa desiki. Ana ankamutcha agogo a kalasi. Ankakhala kumbuyo ali duu, ndipo tonse tinkadziwa kuti tsiku lina sadzabweranso. Koma iye anali wolowa gule.

Anakapempha chilolezo kwa akuluakulu a kudambwe, ndipo iwo anavomera, malinga aime pachulu pokha ndiponso diso lojambulira la tabuleti litsekedwe. Ganizani analimata ndi phula la njuchi. Mpaka lero ndikamva fungo la phula ndimakumbukira chinthucho chikuyenda m'manja mwathu m'kalasi.

Lolemba lililonse m'mawa ankaikulunga m'chitenje cha a Madamu n'kukwera nayo, mame akumunyowetsa miyendo. Maphunziro ankalowa pang'onopang'ono, ndipo podikira ankawaonera yekha. Pobwera ankakhala atatitsogolera. Munthu amene sankayankhula uja anayamba kuimirira kutsogolo n'kumatanthauzira m'Chichewa zimene mphunzitsi wa m'vidiyo wanena. Anafika mpaka potumiza funso lake kwa mphunzitsi wina wa ku Chipata, lofunsa chifukwa chake ng'ombe imabzikula koma munthu ayi. Yankho litabwera ndi dzina lake, anayenda tsiku lonse ngati wavala nsapato zatsopano.

"Mkazi wanga," ankandiseka mwachisuweni, "uziphunzira kuphika tiyi. Ine ndidzakhala dokotala wa ng'ombe."

"Ukwatire ng'ombe zakozo," ndinkamuyankha. "Ine sindifuna mwamuna wonunkha khola."

Atate anali mkulu wa mpingo, munthu woona mtima amene sanadyepo chake cha munthu. Si kuti ankaganiza kuti mizimu ingalowe m'tabuleti. Ankadziwa bwino lomwe kuti netiweki n'chiyani. Koma iwo anatuluka m'gule ali mnyamata, abale awo anawasala chifukwa cha zimenezo, ndipo bala lakelo linali lisanapole. Atamva kumene maphunziro athu ankachokera, anaimirira pamsonkhano wa makolo pansi pa mtengo wa mango.

"Ife tinaphunzitsa ana athu kuti kuwala sikuyendera limodzi ndi mdima," anatero. "Lero mwana wanga akuona kuti nzeru imatsika kudambwe, ndipo woitenga ndi wolowa yekha. Mawa anyamata a mumpingo adzafuna chiyani?"

Ganizani anali ataima kumbuyo. Anagwada, monga ayenera mwana pamaso pa malume wake.

"Amalume, sindilowa nayo m'kati. Ndimaima pachulu chabe."

"Khala pansi, mphwanga. Si iwe tikukamba."

Koma anali iyeyo.

Makolo anagwirizana kuti a Madamu azipita nayo okha tabuleti ku Katete kumapeto kwa mwezi, akalowetse maphunziro onse nthawi imodzi. Anakanda phula lija ndi chikhadabo. Kunena zoona, ife tinataya zochepa. Mavidiyo ankabwerabe, ndipo ine ndinakhoza mayeso. Ganizani anabwerera kumbuyo kwa kalasi, mawondo panja pa desiki. Dzina la agogo linabwereranso. Mtedza usanakumbidwe, malo ake anali opanda munthu.

Atate anamutsatira kudambo kumene ankadyetsa ng'ombe, ndipo ine ndinawaperekeza nditanyamula chigubu cha madzi. Dzuwa linali litatentha, ntchentche zikuzungulira m'maso mwa ng'ombe.

"Bwerera kusukulu, mphwanga. Yunifolomu ndikusokera ine."

Ganizani anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi ndodo.

"Ndikatani kumeneko, amalume? Mpando ulipo, koma ntchito yanga munaichotsa."

Atate anatembenuka kuti tizipita. Aka kanali koyamba kuwaona opanda vesi loyankhira. Pobwerera anayenda patsogolo, manja kumbuyo, osacheuka.

Patapita miyezi, pamapemphero a m'mawa kunyumba, atate anawerenga za mneneri uja amene anabisala kumtsinje nthawi ya chilala, akhwangwala n'kumamubweretsera chakudya. Anaima pakati pa nkhani, n'kuvula magalasi.

"Misozi," anandiitana, "khwangwala amadya chiyani?"

"Zakufa, atate."

"Eya. Ndi mbalame yodetsedwa. Koma Mulungu anatuma yomweyo, ndipo mneneri anadya osafunsa kumene mlomo wake wachokera." Anatseka buku. "Ine ndinafunsa."

Tinagwada, ndipo anapempherera Ganizani motchula dzina, monga anachitira m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene Ambuye anawaitana.

Lero paphiri pali nsanja ya mafoni, ndipo netiweki imafika ngakhale m'khola la nkhuku. Ine ndine mphunzitsi ku Sinda, ndipo m'kalasi mwanga muli matabuleti angapo. Ganizani amanyamula thonje la anthu pangolo. Tikakumana pamsewu amakuwa, "Mkazi wanga, tiyi uja wapsa?" ndipo timaseka. Koma ndikafuna kumutumizira uthenga pafoni ndimajambula mawu, chifukwa kuwerenga kumamuvuta.

Sindiweruza atate, ndipo chikhulupiriro chimene anandisiyira ndachigwira ndi manja awiri. Funso lawo silinali lopusa, ndipo mpaka pano sindidziwa yankho lake lonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti tonse pamsonkhano uja tinkayang'ana tabuleti, kumene yapita ndi kumene yachokera, pamene Mulungu ankayang'ana mnyamata woinyamula. Tinateteza nkhosa zimene zinali kale m'khola, ndipo imene inali itangolowetsa mutu pakhomo tinaitsekera kunja.

N'chifukwa chake chaka chilichonse, ndisanayatse chipangizo chilichonse, ndimayamba ndayang'ana kumbuyo kwa kalasi. Sipalephera kukhala wina wamtali kuposa anzake, mawondo panja pa desiki, maso pakhomo. Ndimamuitana dzina, n'kuika tabuleti m'manja mwake.